Kamba amene ndinamusiya pakhonde

Galimoto ndinaigula mu Juni 2022, Land Cruiser yakale imene inakalambira m'minda ya fodya, ndipo pofika Ogasiti anzanga a ku Kapata anali atatopa nane. Munthu akangoti mwauka bwanji, ine ndayamba kale za matayala. Ndimagulitsa mbewu ndi feteleza, ndipo chaka chimenecho malonda anayenda, mutu n'kukula. Usiku ndinkagona foni ili kumaso, kuonera pa YouTube azungu a ku Australia ndi ku South Africa akuwotcha nyama m'tchire, tenti ili padenga la galimoto, botolo lozizira lili m'manja. Chigwa cha Luangwa chili kuseri kwa mapiri athu omwewa, alendo amawoloka nyanja kudzachiona, koma ine wobadwira ku Chipata ndinali ndisanagonemo ndi usiku umodzi womwe. Zinkandiwawa.

Chaka chimenecho tsiku la ufulu, 24 Okutobala, linagwera Lolemba, ndiye panali masiku atatu otsatizana opuma. Ndinakonza zoti tinyamuke Loweruka m'mamawa, titsike ndi phula wa ku Mfuwe, makilomita ngati 130, kenako tisiye phula tidzere m'chigawo cha Nsefu, tilunjike kumpoto mpaka ku Luambe. Njira imeneyo imapitika m'chilimwe mokha. Mvula ikagwa, dothi lakuda lija limameza galimoto. Tinali anayi: ine, mkazi wanga, mwana wathu wamkazi wa zaka 6, ndi mlamu wanga, amene ndinamutenga chifukwa ankaseka nthabwala zanga.

Lachisanu masana ndinalowa m'sitolo ngati munthu wokonza ukwati. Nkhuku zitatu zosaphika, soseji, nyama ya ng'ombe, poloni, mayonezi, thireyi ya mazira, buledi, nkhaka, tomato, malalanje, zakumwa makireti awiri. Ndalama imene ndinasiya pakauntala ikanagula matumba awiri a feteleza. Madzi akumwa ndinatunga chigubu chimodzi cha malita 20, cha anthu anayi, masiku atatu, mu Okutobala. Nyama sindinaiumitse mufiriji ya kunyumba, chifukwa ndinkafuna igone m'zokometsera kuti zilowerere. Ndinauzanso mkazi wanga kuti aphikiretu mpunga mphika wathunthu usiku womwewo, tisakataye nthawi kutchire. Anandifunsa ngati sukasasa. Ndinamulozera firiji yaing'ono ya m'galimoto imene ndinagula yotsika mtengo, yolumikiza poyatsira ndudu paja, ndi cooler box yabuluu.

Madzulo ake amayi anafika kuchokera kumudzi, cha ku Mtenguleni, atasenza kathumba. Anakhala pamphasa n'kuyamba kutulutsa: chikwatu cha mfutso wa khwanya, nshawa zokazinga, botolo la chimponde, kapenta, timizere ta nyama yowamba youma gwa ngati chikopa, unga, nsinjiro, mchere womanga m'kansalu, shuga m'kabotolo.

“Mwanangu, ku Malambo mwezi uno kulibe chifundo,” anatero. “Chakudya chamadzi sichigona kumeneko. Agogo ako anayenda pansi mpaka ku Halale ndi zomwezi, anakafika.”

Ndinaseka. “Amayi, sitikupita kumaliro ayi. Tikupita ku holide.”

Sanayankhe. Anabwezera zonse m'thumba mwakachetechete, n'kumanga pakamwa pake. M'mawa, popakira katundu, ndinalinyamula thumbalo ndi manja anga n'kuliika pakhonde, pafupi ndi tsache, kuti lisatidyere malo.

Tinati 6 koloko, tinanyamuka 9. Cooler box ndinaimangirira kumbuyo, pamene dzuwa limalowera pagalasi, ndipo m'menemo ndinasakaniza zonse: nkhuku m'timapepala tapulasitiki, poloni, nkhaka, mabotolo, ndi ayezi wa tizidutswa amene ndinagula pabala. Chipata ili pamwamba, kupitirira mamita 1,000, ndipo mphepo yake imanyenga. Ukangotsika mapiri kulowera kwa Jumbe, mpweya umasintha, umakhala ngati wina watsegula uvuni. Mu Okutobala kutentha kwa m'chigwa kumadutsa madigiri 40. Mitengo ya tsanya inali yopanda tsamba, mthunzi wake ngati wa ndodo. Aliyense akamva ludzu, bokosi limatsegulidwa. Mlamu ndi amene anali msungichuma wake, ndipo ankagwira ntchitoyo mokhulupirika, mphindi khumi zilizonse.

Titasiya phula, msewu unasanduka mabampu okhaokha. M'malo a dothi lakuda, mapazi a njovu ndi mvuu a m'dzinja anali ataumira momwemo, maenje olimba ngati simenti. Mazira anayamba kusweka limodzilimodzi. Pageti lolowera ku Nsefu, a zanyama, amene mpaka lero timangowatcha a ZAWA ngakhale dzinalo linatha, anasuzumira m'galimoto n'kufunsa ngati tili ndi madzi okwanira. Ndinati tili ndi zonse. Chimene sindinadziwe n'chakuti pulagi ya firiji inali itazuka kale ndi kugwedezeka kuja. Kagetsi kake kanali kumbuyo kwa chikwama, ndipo palibe anakayang'ana.

Cha m'ma 1 koloko masana tinafika pamtsinje wouma, umodzi mwa mitsinje yamchenga yotsikira mu Luangwa. Mavidiyo onse aja amanena zochepetsa mpweya m'matayala usanalowe mumchenga. Ndinkadziwa. Koma kutsika kunja kunali kutentha, ndiye ndinangoponda mafuta. Tinatitimira pakati penipeni, ndipo pofuna kudzipulumutsa ndinapondanso mpaka galimoto inakhala pamimba. Fosholo ndinalibe. Tinafukula ndi manja ndi chivundikiro cha mphika. Anyamata a m'mudzi wapafupi anabwera ndi makasu, n'kudula nthambi zoyala pansi pa matayala. Tinatuluka 5 koloko itakwana. Maola anayi amenewo galimoto inali padzuwa, injini yozima, ndipo madzi a m'chigubu anatsika kupitirira theka, chifukwa anthu okumba mchenga masana amamwa, ndipo sungawamane.

Ku Luambe sitinafike. Dzuwa likulowa tinapatukira pa kamsasa kena ka alendo m'mbali mwa mtsinje, kopanda mlendo wina aliyense, koyang'aniridwa ndi mdala mmodzi Mkunda. Atangoona malalanje anati tiwatsekere m'galimoto, chifukwa njovu imawamva fungo patali ndipo tenti siiona ngati khoma. Ndinamvera zimenezo zokha.

Mdima utayamba, ndinayatsa makala pambaula n'kutsegula cooler box. Ayezi munalibe. Munali madzi ofunda ofiirira, nkhuku zikuyandama, kapepala kamodzi kataphulika, nkhaka ndi poloni zikusambira m'magazi omwewo. Firiji nayo inali yofunda ngati m'khwapa, mayonezi atalekana mafuta pamwamba. Ndinatola nkhuku imodzi. Khungu lake linali loterera, lonanda kuzala. Ndinainunkhiza. Fungo linalipo. Silinali la chinthu chowoleratu, linali kafungo kotsekemera konyansa, kamene mphuno imakana mutu usanaganize. Pano ndiye ndimafuna ndinene zoona, chifukwa kwa chaka chathunthu ndinkauza anthu kuti nyama inkaoneka bwinobwino. Ndinamva fungolo. Ndinaimirira ndi nkhuku m'manja, ndipo m'mutu mwanga munadutsa matumba awiri a feteleza aja, nkhope ya mlamu, ndi mawu a amayi akuti chakudya chamadzi sichigona. Kuitaya nkhuku ija kukanakhala kuvomera kuti mayi wosapita kusukulu anandiposa nzeru.

Mkazi wanga anabwera ndi tochi, anawerama, anadzuka msanga.

“Bambo, izi zatha. Tayani.”

“Moto umapha zonse,” ndinatero.

“Ine sindidya. Mwananso musamupatse.”

Ndinatsuka nkhuku ndi madzi a m'chigubu, madzi akumwa omwe aja, ndinafinyira mandimu, ndinathira tsabola ndi mchere wambiri. Mpeni umene ndinadulira nkhuku ndi womwewo ndinadulira nkhaka, pathabwa lomwelo. Mpunga wa Lachisanu, umene unagona mumphika n'kuyenda tsiku lonse m'galimoto yotentha, unali utayamba ulusi ukautapa ndi supuni. Ndinaukazinga ndi mafuta ndi anyezi, unanunkhira bwino. Makala anali amoto wambiri, kuwala kunali kwa tochi ya foni, ndiye nkhuku inapserera kunja, kufupa ili yofiira.

Mkazi wanga analowa m'tenti kukayala zogona. Mwana anabwera kudzakhala pamwendo panga, maso ali pambaula. Tsiku lonse anangodya mabisiketi. “Atate, njala,” anatero. Ndinayang'ana kutenti, zipi inali yotseka. Ndinamupakulira mpunga m'kambale kake, ndinanyotsola mnofu wa pantchafu, ndinauuzira kuti uzizire, n'kumudyetsa ndi dzanja langa. Ndinamuuza kuti asawauze amake. Anaseka, poti chinali chinsinsi chathu. Anapempha wina, ndinamuwonjezera.

Anayamba kusanza cha m'ma 11 usiku. Poyamba ndinati ndi dzuwa. Pofika 1 koloko anali atasanza kasanu, kenako m'mimba munatseguka. Mkazi wanga anaona mpunga m'masanzi. Sanakuwe, sanandinyoze. Anandiunika ndi tochi kumaso kwa kanthawi, n'kuibwezera kwa mwana. Mlamu anali kale kuseri kwa tenti yake akubuula, ndipo posakhalitsa nanenso ndinagwada pamchenga. Kuchimbudzi kunali mamita angapo, koma mvuu zinali zitatuluka kudzadya msipu, ndiye tinkangodzithandiza pafupi, wina akuunikira mnzake. Mkati mwa zonsezo fisi anabwera, analuma cooler box imene ndinasiya panja, n'kuikokera kutchire. Tinkamva pulasitiki ikuphwanyika mumdima. Yekhayo ndiye anasangalala ndi phwando langa.

Ndinathamangira kugalimoto kuti tinyamuke usiku womwewo, njovu kaya zikhale pamsewu. Kiyi anangoti kete. Titafika madzulo aja ndinali nditabwezera pulagi ya firiji n'kusiya kiyi wotsegula, kuti zakumwa zizizire. Batire inali itatheratu. Netiweki panalibe.

Mdala uja anabwera ndi nyali yake. Anayang'ana mwana, anamutsina khungu la pamimba, n'kufunsa ngati tili ndi shuga ndi mchere. Ine ndinalibe shuga, munthu wa makireti awiri. Mkazi wanga anadzuka, anapita kugalimoto, anapinda mpando wakumbuyo, natulutsa thumba la amayi. Analitola pakhonde ine ndikutseka geti. Mdala anawiritsa madzi a m'ndowa yake pambaula yanga, chifukwa m'chigubu munatsala osakwana malita atatu, anawapoza, anayeza lita imodzi ndi botolo, nathira timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Madzi a moyo, amene ndinawamva pawailesi kuyambira ndili mwana osawalabadira. Mkazi wanga anamumwetsa ndi supuni, pang'onopang'ono, akasanza n'kudikira pang'ono n'kuyambiranso, mpaka kunacha. Ine ndinali gone pamphasa, wopanda ntchito.

M'mawa anyani anatenga buledi amene anatsala, ndipo palibe anawathamangitsa. Mdala anakwera njinga kukafuna thandizo. Mwana anali chete, ndipo kukhala chete kumeneko kunkandiopsa kuposa kulira. Maso analowa, milomo inauma, sanakodze chiyambire usiku. Mkazi wanga anaphika phala lamadzimadzi la unga wa amayi, mwana anameza masupuni atatu. Iye mwini anatafuna nshawa, n'kumwa tiyi. Cha m'ma 11 mdala anabwera ndi galimoto ina imene anaiimitsa pamsewu, anatilumikizira mawaya, injini inalira. Ndinayendetsa thupi likunjenjemera, ndipo pamtsinje wa dzulo ndinatsika n'kuchepetsa mpweya m'matayala onse anayi. Tinawoloka ngati pa phula. Zinanditengera mphindi zisanu.

Pachipatala chaching'ono chimene tinafikira, namwino anavutika kupeza mtsempha. Anabaya dzanja lamanja, lamanzere, kenako anaupeza kuphazi. Mwana sanalire n'komwe. Dokotala atamuika diripu anandifunsa zimene anadya, ndipo ndinayamba kuzungulira, za dzuwa, za madzi a kuchigwa. Mkazi wanga anati, “Auzeni.” Ndinawauza. Bamboyo sanandikalipire, anangondifotokozera ngati mwana wa giredi 4. Tizilombo ta m'chakudya timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo chakudya chophika sichiyenera kukhala pamtunda kupitirira maola awiri. Kotentha ngati kuchigwa, ngakhale awiriwo ndi ambiri. Mumpunga mumakhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, kamene njere zake sizifa pophika. Mpunga ukakhala pofunda, kamadzuka n'kutulutsa poizoni, ndipo poizoniyo ngakhale ukazinge chotani sachoka. N'chifukwa chake kusanza kunayamba patangopita maola ochepa. Za nkhuku yofiira kufupa ndi nkhaka za m'magazi anati zimenezo zimachedwerapo, tiziyembekezera. Sananame. Lolemba, dziko likukondwerera zaka 58 za ufulu, ine ndi mlamu tinkalandizana chimbudzi cha pachipatala, thupi lili moto.

Mwana anagona masiku atatu. Kuseri kwa wodi kuli malo ophikira odikirira odwala, ndipo kumeneko mkazi wanga anamasula chikwatu cha amayi. Anaviika mfutso, anatendera ndi nsinjiro, anakazinga kapenta, anaphika nsima. Nyama yowamba ija anaiwiritsa mpaka inafewa, msuzi wake n'kumwetsa mwana tsiku lachitatu. Thumba lija linayenda m'kutentha komweko kumene kunawoletsa nkhuku zanga, pansi pa mpando, pamwamba pa chitsulo chotentha, ndipo munalibe kanthu kamodzi koonongeka. Amayi ena a pamoto ankamufunsa kumene anagula mfutso wabwino chotero. Ankayankha kuti ndi wa apongozi ake. Ine ndinkadya nditatembenukira kukhoma.

Ndalama zinapita: batire yatsopano, mafuta, anyamata okumba, mankhwala, masiku asanu sitolo ili yotseka pa nthawi imene alimi amayamba kugula mbewu. Zimenezo ndinazibweza pofika Disembala. Mlamu anaonda mpaka lamba anaboola bowo lina, ndipo nkhani anaifikitsa kwa apongozi anga ine ndisanakonze bodza. Mwana anatsika thupi, anakhala milungu iwiri osapita kusukulu, ndipo kwa miyezi ingapo akangomva fungo la nyama yowotcha ankagwira pamimba. Mkazi wanga sananene za ukwati kutha, sanapite kwawo. Anangosiya kundisiyira mwana. Akapita kumsika wa Saturday ankamutenga, kapena kumusiya kwa aneba, ine ndili m'nyumba momwemo. Tsiku lina ndinadandaula. Anati, “Nkhuku ndinakukhululukirani. Koma munamuuza mwana kuti andibisire.” Ndinalibe poyankha, ndipo mpaka lero ndilibe.

Kwa amayi ndinapita ndekha patatha sabata, nditanyamula thumba lawo lopanda kanthu, lochapa. Ndinali nditakonzeka kumva za safunsa amene anadya phula. Analandira thumba, analikung'untha, n'kufunsa ngati mchere unakwana. Ndinati unakwana. Anati chaka chino khwanya wachepa, koma akafutsa chibwabwa andisungira.

Kuchigwa ndabwererako kawiri, mu Juni ndi mu Julayi, kukuzizira, ndi mlamu yekha. Madzi ndimanyamula malita osachepera 5 pa munthu pa tsiku, ndi chigubu china chapadera chimene sichitsegulidwa pokhapokha titatitimira. Nyama yaiwisi ndi ya usiku woyamba basi, youmitsa gwa masiku awiri tisananyamuke, m'bokosi lakelake lokutira ndi chiguduli chonyowa, ndipo ayezi wake ndi mabotolo amadzi oumitsa, amene akasungunuka timamwa. Zakumwa zili ndi bokosi lawo, mlamu azitsegula mmene angafunire. Kuyambira tsiku lachiwiri ndi nyemba, kapenta, soya, mfutso, kabichi, anyezi, mbatata, ndipo mpunga umaphikidwa pomwepo n'kuthera pomwepo. Timapaketi ta madzi a moyo timakhala m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi laisensi. Firiji ija ili kusitolo, ndimasungiramo malisiti.

Mkazi wanga ndi mwana sanakwerenso galimotoyo kupitirira kwa Jumbe. Mwanayo tsopano wakula, amathandiza amake kukhitchini. Mwezi wathawu tinali ndi alendo a kutchalitchi, ndipo ndinawotcha nkhuku pabwalo, yogula m'mawa womwewo, yopsa mpaka kufupa. Ndinamusankhira ntchafu, ndinamuikira m'mbale. Anati zikomo atate, ananyamula mbale ndi manja awiri, n'kulowa nayo kukhitchini. Pawindo ndinamuona akuwapatsa amake kuti ayambe anunkhiza.